Mbewu ya bowa m'botolo la jamu: mbiri ya bizinesi yathu ku Zolozolo

Anthu akandipeza ndi bowa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, funso loyamba limakhala lakuti, "Mayi, mwazula kuti?" Apongozi anga, omwe kwawo ndi ku Ekwendeni, anatha chaka chathunthu osamulawa. Ankati nkhowani, dzina la bowa m'Chitumbuka, weniweni amamera pachulu mvula ikagwa, osati m'jumbo. Ine sindinkawatsutsa, pajatu kwathu ku Dedza ndinakulira utale, ndelema ndi manyame. Bowa wa oyisitala amene timalima kuseli kwa nyumba yathu ku Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu, ndi wina, sadikira mvula. Amangofuna mthunzi, chinyezi ndi ukhondo, ndipo kuzizira kwa Mzuzu kumamuyanja.

Tinayamba mu 2019. Bungwe lina linaitana amayi a m'dera lathu ku maphunziro a masiku atatu, n'kutipatsa mabotolo a mbewu ya bowa, aliyense awiri. Tinaduladula mapesi, kuwaphika ndi nthunzi mumgolo, kuthira mbewu ija n'kumanga m'majumbo. Patatha milungu inayi majumbo onse anali atayera mbuu, kenaka bowa n'kuyamba kutuluka m'mabowo ngati timakutu ta ana. Ndinagulitsa yense tsiku limodzi ku Katoto. Usiku umenewo ine ndi bambo akunyumba tinawerenga ndalama kawiri.

Pulojekiti ija inatha, mbewu nayo inatha. Apa m'pamene ndinadziwa kuti anatiphunzitsa zonse kupatula chinthu chimodzi chomwe bizinesi yonse yatsamirapo. Mbewu ya bowa si njere yoti ungasunge m'nkhokwe. Ndi ulusi woyera wamoyo womwe amaumeretsa pa mapira kapena tirigu m'chipinda chaukhondo kwambiri, ndipo ukautenthetsa umafa. Ife tinayenera kuitanitsa kuchokera kummwera. Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde, n'kutumiza ndalama. Mabotolo anayenda tsiku lonse m'basi, pansi pa katundu wa anthu, ndipo anafika akutentha ngati mbatata yootcha. Ndinabzalabe. Majumbo 200 aja, m'malo moyera, anachita chuku chobiriwira. Tinawataya kudzala, fungo lake likundikumbutsa ngongole.

Vuto lachiwiri tinadziputira tokha. Bambo akunyumba ndi kalipentala, ndipo aliyense wodziwa Mzuzu akudziwa kuti utuchi wa matabwa a paini ochokera ku Chikangawa umangotayidwa. Tinati chuma ndi chimenechi, bowa akudya zaulere. Tinadzaza majumbo ambirimbiri. Ulusi unkayenda pang'ono n'kuima. Tinaganiza kuti mbewu ndiyo yoipa, tinagulanso ina, zomwezo.

Amene anatitsegula maso ndi mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Mzuzu, yemwe ankachita lendi m'kachipinda koyandikana nafe. Tsiku lina anandipeza ndikukhuthula majumbo, anatapa utuchi n'kuununkhiza.

"Mayi, ndi wa paini uwu? Utomoni wake ndi umene ukutsekereza bowa wanu. Mtengowu umadziteteza nawo ku zinthu ngati zimenezi."

"Nanga mwanangu, zimenezi zinalembedwa pati?"

Anaseka pang'ono, n'kunena kuti zinalembedwa kalekale, m'mabuku ndi m'malipoti a ophunzira omaliza sukulu, m'Chingerezi chovuta, ndipo zili m'mashelefu. Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama zomwe ndinataya. Kuchokera ku Zolozolo kupita ku Luwinga, komwe kuli yunivesiteyo, si ulendo, wa kabaza amakufikitsa tiyi asanazizire. Yankho la vuto langa linali pafupi chonchi, koma panalibe njira yoti lindifikire. Ndinakumbukira mu Disembala 2015 pamene laibulale ya pa yunivesiteyi inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Nthawi imeneyo ndinangomva chisoni monga momwe umamvera nyumba ya mnzako ikapsa. Sindinadziwe kuti m'nyumba ngati imeneyo mumakhalanso zanga.

Mnyamatayu sanatipatse ndalama kapena makina. Anatiuza kuti tigule kope lachikuto cholimba ndi sikelo yaing'ono. Lamulo lake linali limodzi: musamasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ine ndinali ndi chizolowezi choti zikakanika, ulendo wotsatira ndimasintha zonse, mbewu, madzi, malo, mpaka osadziwa chomwe chathandiza. Iye anati ayi. Tinakonza majumbo khumi a mapesi, khumi a masamba ouma a nthochi, khumi a makoko a nyemba, khumi a utuchi watsopano, ndi khumi a utuchi womwe unagonera pamvula miyezi ingapo. Mbewu ya botolo limodzi, tsiku limodzi, chipinda chimodzi. Jumbo lililonse linali ndi nambala yake. M'mawa uliwonse ndisanatereke phala ndinkalowa ndi kope, kulemba pomwe ulusi wafika, ndipo pokolola ndinkayeza bowa wa jumbo lililonse payekha.

Majumbo a mapesi ndi a makoko a nyemba ndi amene anatipatsa zochuluka. Masamba a nthochi anachita bwino ndithu, ndipo ndi osavuta kupeza kuno poti Nkhata Bay ili pafupi. Utuchi wogonera unayesetsa koma mochedwa, watsopano unakanikiratu. Mnyamata uja anakana kuti ndifufute m'kope zolemba za majumbo olephera. Anati amenewo ndiwo ofunika kwambiri, chifukwa munthu wina sadzatayanso ndalama zake panjira yomweyo. Nditamufunsa dzina la zomwe tinkachitazi, anati, "Ameneyu ndiye kafukufuku, mayi." Ine ndinkayesa kafukufuku ndi wa anthu ovala makhoti oyera kumalo ofufuzira zaulimi ku Lunyangwa, ku Chitedze kapena ku Bvumbwe.

Chovuta kwenikweni chinali kupanga mbewu tokha, ndipo apa ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndi pamene amayi anzanga ambiri anagwera mphwayi.

Mapira kuno ndi osowa, koma mawere, omwe eni dera amati lipoko, ali mbwee pamsika chifukwa cha chindongwa, thobwa la kuno kumpoto. Tinayesa mawerewo ndipo anatikomera, poti njere zake n'zazing'ono, zimamwazika bwino m'jumbo. Timawaviika, kuwawiritsa pang'ono osafika pophulika, kuwayanika mpaka asamamate m'manja, n'kuwathira m'mabotolo a jamu otsuka bwino. Pachivindikiro timaboola kabowo n'kutsekapo ndi thonje kuti azipuma. Poyamba tinkangowaphika mumphika wamba maola ambiri, koma mabotolo ankawola. Chifukwa chake ndinachimva mochedwa. Tizilombo tina sitifa ndi madzi owira chabe, timafuna kutentha kwa madigiri 121. Tsono Mzuzu ili pamalo okwera, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye madzi kuno amawira asanafike n'komwe pa madigiri 100. Ungasonkhezere nkhuni usiku wonse, kutentha sikukwera. Tinasakasaka mpaka tinapeza pressure cooker yakale pakaunjika, mphika wotseka zolimba womwe umatsekera nthunzi mkati kuti kutentha kukwere. Labala wake anali wotha, bambo akunyumba anachita kusema wina.

Labotale yathu ndi bokosi lapulasitiki loonekera mkati, lomwe tinaboola mabowo awiri olowetsa manja. Ndimalowamo mbandakucha, mphepo isanayambe, mawindo otseka. Ndimapukuta bokosi, manja ndi mabotolo ndi spiriti. Ndimasankha bowa wonenepa, wosalumidwa ndi kanthu, n'kumung'amba pakati ndi zala, osati ndi mpeni, kuti zakunja zisalowe mkati. Kenaka ndimaotcha lezala palawi mpaka kufiira, kudikira lizizire, n'kudula kachidutswa kam'kati kochepa ngati njere ya mpunga. Kameneko ndimakaika pa chakudya chake chomwe timaphika ndi madzi a mbatatesi, shuga wa gulukosi ndi ufa wina wotchedwa agar, womwe umaumitsa madziwo kukhala ngati phala lozizira. Nthawi yonseyi sindiyankhula, ngakhale kupuma ndimapumira kumbali. Pakatha masiku anayi kapena asanu, kachidutswa kaja kamayamba kumera ubweya woyera mozungulira, womwe kenaka timausamutsira m'mabotolo a mawere aja. Tsiku loyamba kuona ubweya umenewo wopanda banga lililonse lobiriwira, ndinadzutsa nyumba yonse, ana akuyesa kwagwa zovuta.

Agar amachokera kunja. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unatithawa, ndipo nthawi zina ngakhale uli ndi ndalama sumupeza. Zonse zofunika pa ntchito ya sayansi, timbale tagalasi, choyezera kutentha, ngakhale tepi yomatira, zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Tinabwerera ku kope. Tinayesa kumeretsa kachidutswa ka bowa pa katoni yonyowa yophikidwa, ndipo oyisitala amagwira ndithu, ngakhale mabotolo otayika amachuluka. Nkhuni nazo zinakwera, komanso mtima unkandipweteka kuona momwe mapiri otizungulira akuyerera. Tinayesa kuviika mapesi usiku wonse m'madzi a laimu m'malo mowaphika. Koyamba zinakanika chifukwa ndinagula laimu wothira m'munda. Wofunika ndi uja wopaka nyumba, ndiye ali ndi ukali wopha chuku. Lero mgolo timauyatsa mwa apo ndi apo.

Pano tikugwira ntchito anthu asanu: ine, bambo akunyumba, mlamu wanga ndi atsikana awiri a m'dera lathu. Timagulitsa bowa waiwisi m'malo ogona alendo ndi m'makomo, wouma timatumiza ku Lilongwe. Koma chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi mabotolo a mbewu. Amayi a ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ena mpaka ku Rumphi, amabwera kudzagula mbewu yomwe sinakwere basi tsiku lonse. Aliyense ndimamuuza kuti agule kaye kope.

Sindikufuna wina aganize kuti bokosi lapulasitiki likukwanira. Silikukwanira. Bowa ukamamubwereza kuchokera kwa mwana, mdzukulu, mdzukulutubzi, mphamvu zimachepa, zokolola zimatsika, ndipo ine sindingaone ndi maso kuti vuto layamba liti. Pamafunika malo osunga mbewu yoyambirira m'firiji yosazima, ndi munthu wodziwa kuyang'ana pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Kuti bowa wouma alowe m'masitolo akuluakulu pamafunika chiphaso cha bungwe loona za miyezo la MBS, ndipo ndi zoyenera, chifukwa chakudya si chosewera nacho. Koma usanakapemphe chiphasocho umafuna kudziwa wekha ngati katundu wako wauma mokwanira, ngati mulibe chuku chobisika. Wabizinesi wamng'ono ngati ine akayezetse kuti pamtengo woti angakwanitse? Chimene ndimalakalaka si galimoto kapena msonkhano wa kuhotela. Ndi kachipinda kamodzi kuno kumpoto komwe mlimi angalowe ndi botolo lake, kulipira kangachepe, n'kuuzidwa m'chinenero chake chomwe chalakwika.

Mnyamata uja anandiuzapo kuti mayiko a mu Africa anagwirizana kuti pa K100 iliyonse ya chuma chomwe dziko limapanga pachaka, K1 izipita ku kafukufuku, koma ambiri sanafikepo. Kuno tili ndi bungwe la boma loona za sayansi ndi luso la NCST, tili ndi yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndipo masomphenya a Malawi 2063 omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021 amanena za ulimi wa bizinesi ndi mafakitale. Zonsezi ndi zabwino, ndimazimva pawailesi ndikusenda mapesi. Kudandaula kwanga n'kwakuti kafukufuku wambiri amayendera ndalama za abwenzi akunja, ndiye mutu wake umasankhidwa kutali, ndipo pulojekiti ikatha zaka zitatu zonse zimaima, monga momwe mbewu yathu yoyamba inathera. Mavuto ang'onoang'ono ngati utomoni wa paini sakhala ndi mwini.

Luso lokha m'dziko muno lilipo. William Kamkwamba wa ku Kasungu anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Colrerd Nkosi, kumpoto konkuno, anayamba ndi dayinamo ya njinga pamtsinje mpaka kuunikira mudzi wake. Timawaombera m'manja, ndipo n'koyenera. Koma ine ndikamva nkhani ya Kamkwamba, chomwe chimandigwira mtima ndi kalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe komwe anapezako buku lokhala ndi chithunzi cha makinawo. Panali munthu amene anaika bukulo pamalo poti mwana wosiya sukulu angalifikire. Ndi angati ena omwe sanapeze buku lawo, kapena mnyamata wa lendi woti anunkhize utuchi wawo?

Mnyamata wathuyo anamaliza maphunziro ake bwinobwino. Ntchito ya zomwe anaphunzira sanaipeze, pano ali ku Karonga, amatumiza ndi kulandira ndalama za pafoni m'kakontena. Ndikaganiza za mutu umene uja ukuwerenga ndalama za anthu tsiku lonse, tulo timandithawa. Timalemberanabe pa WhatsApp. Mwezi uno tikuyesa makoko a khofi, poti kumpoto kuno khofi ndi wathu ndipo makoko ake amangounjikidwa. Majumbo ndi makumi awiri, khumi makoko okhaokha, khumi osakaniza ndi mapesi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Osakaniza aja ayera kufika pakati, enawo akuchedwa, ndipo nambala 14 yaonetsa kadontho kobiriwira pafupi ndi pakamwa. Ndamujambulira tsamba la kope n'kumutumizira. Wayankha kuti, "Mayi, 14 mutulutseni panja msanga, koma musamutaye. Mulembe tsiku."

Apongozi ndi amene anyamula jumbolo kukaliika pansi pa mtengo wa mapeyala. Akuti Loweruka abweranso kudzaona ngati makoko a khofi agwira.