Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Masiku a Matope

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa kuti zinatha bwanji. Paja tinalekezera usiku uja tinachezera padenga la alamu anga, madzi atafika m'mawindo.

Mvula itakata tinkayesa kuti madzi aphwa okha, koma ayi ndithu. Dera lathu lili kumunsi kwa mzinda, ndipo mtsinje unali udakali wodzaza, choncho madziwo analibe kolowera. Ngalande zinali zitatsekeka ndi mchenga, mapulasitiki, nthambi, ngakhale ziweto zakufa. Magetsi anali atazimitsa poopa kuti anthu angagwidwe nyesi, motero anabweretsa mapampu a dizilo, koma pakamwa pa mapaipi pankatsekeka ndi zinyalala kawirikawiri. Pankafunika munthu woima m'madzi ofika m'chiuno n'kumachotsa zinyalalazo ndi manja. Ine ndinali mmodzi mwa anthuwo.

Apa ndiyankhe inu amene munalemba kuti ndinathawa amayi pa nthawi ya mavuto. Mawu anu anandipweteka kwambiri. Ngalande amayamba kutsegula kumunsi, komwe madzi akupita, kenako n'kumakwera. Ndikanakhala pakhomo ndi ndowa, madzi amene ndikanataya panja akanabwereranso m'nyumba usiku womwewo. Ndipo ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Mu 2005, namondwe Katrina atamiza pafupifupi 80 peresenti ya mzinda wa New Orleans ku America, anthu okhala ndi mapampu akuluakulu anatha masiku 43 akupopa madzi. Nanga ife a mafosholo ndi mawilibala?

Komabe masiku asanu ndi anayi amene sindinaponde kwathu ndimawamvabe mumtima. Nditafika, madzi anali atachoka, atasiya mzere wakuda pakhoma chofika pachifuwa changa. Matope anali atayamba kuuma, ndipo matope a chigumula akauma amalimba ngati simenti, muyenera kuwatsuka akadali onyowa. Nkhungu inali itamera kale pamatiresi. Fungo lake sindingalifotokoze.

Amayi ndinawapeza atakhala pakhomo, sutikesi ya malemu bambo ili chitsegukire pamiyendo pawo. Zithunzi zonse zinali zitamatana kukhala chibumi chimodzi. Ankazimatula pang'onopang'ono, chimodzichimodzi, ndi chikhadabo. Atafika pa chithunzi cha tsiku la ukwati wawo anachipukuta ndi chala, nkhope ya bambo n'kutsalira pachalapo. Anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Sanalire. Ine ndinagwada m'matope momwemo.

"Amayi, mundikhululukire, ndachedwa."

"Wabwera mwanawe? Kumunsi kuja madzi adutsa?"

"Adutsa, amayi."

"Chabwino. Kasambe, koma usatunge pachitsime, zimbudzi zinasefukiramo."

Chala chija sanachisambe tsiku limenelo. Ndinawaona madzulo akudya ndi dzanja lamanzere, ndipo sindinawafunse.

Kuyambira pamenepo madzi akumwa tinkawiritsa kapena kuthiramo kolorini, makoma tinkasiya zitseko ndi mawindo chitsegukire kuti aume tisanapake laimu, ndipo zonse zomwe zinamwa madzi n'kukana kuchapika tinataya. Zaka zitatu zotsatira zinangothera m'kubweza ngongole.

Achemwali anga aja, amene ambiri mumawafunsa, ndiwo sanamve za chitsime, poti anafika usiku amayi atagona. Za matenda awo a kolera ndilemba m'gawo likubweralo, mtima ukakhazikika.