Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kubwerera kwathu kunayambira pa mapepala

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinatsimikiza mtima kuti zaka zanga za ku UK zakwana. Lero ndilemba zimene dokotala ayenera kukonza asanapake katundu, chifukwa ndaona anzanga aluso atakhala pakhomo miyezi yambiri osaloledwa kugwira wodwala, vuto lake lili pepala limodzi.

Yambani ndi khonsolo ya madokotala ya dziko lakwanu. Ngakhale munalembetsa musanachoke, dzina lanu likhoza kukhala kuti linachotsedwa m'kaundula chifukwa simunkalipira chaka ndi chaka. Adzafuna Certificate of Good Standing, chikalata chotsimikizira kuti kumene mukuchokera mulibe mlandu. Ku UK chimachokera ku GMC, khonsolo ya madokotala ya kumeneko, ku South Africa ku khonsolo yawo, HPCSA. A GMC amachitumiza okha ku khonsolo inayo, ndipo chimagwira ntchito miyezi 3 yokha. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amachipempha poyambirira, ndiye chimatha mphamvu mapepala ena asanakwanire. Chipempheni pomaliza. Yambani ndi satifiketi ya digiri, ya ukatswiri, logbook yosainidwa yoonetsa maopaleshoni amene munachita, ndi makalata a akuluakulu amene munkagwira nawo ntchito. Izi tengani mukadali konko, mukukumana nawo maso ndi maso. Mukachoka, imelo ya kuntchito amaitseka, ndipo amene ankakudziwani amasamuka.

GMC imalola kubweza laisensi yogwirira ntchito koma dzina n'kukhalabe m'kaundula. Ine ndimati zaka zoyambirira chitani zimenezo. Kusunga laisensi yeniyeniyo kumafuna kuunikidwa ntchito chaka chilichonse ndi revalidation (kutsimikiziridwanso kuti ndinu woyenera kugwirabe ntchito) pa zaka 5 zilizonse, zomwe n'zovuta muli kutali. Za msonkho pali fomu ya P85, yodziwitsira HMRC, bungwe la msonkho la UK, kuti mukuchoka m'dzikomo. Penshoni ya NHS, bungwe la zipatala za boma ku UK, ngati simunakwanitse zaka 2 mutha kupempha kuti akubwezereni zimene munapereka. Mukapitirira pamenepo imakudikirani mpaka msinkhu wopuma. Chilolezo chokhalitsa ku UK cha ILR chimatha mukakhala kunja kwa dzikolo zaka zoposa 2 motsatizana. Funsaninso a inshuwalansi yanu, ndipo akuyankheni polemba, ngati adzakutetezenibe wodwala wakale akadzadandaula inu mutachoka.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri si mapepala. Udokotala umene munausiya kwanu unasintha inu kulibe. Amene anachoka 2011 isanafike amakumbukira kwinini pa malungo aakulu. Lero mankhwala oyamba ndi artesunate wa mumtsempha, 2.4 mg pa kilogalamu, nthawi yomweyo, pakatha maola 12, pakatha maola 24, kenako kamodzi patsiku mpaka wodwala atha kumeza. Mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira 3 mg pa kilogalamu. Pa ma ARV, efavirenz analowedwa m'malo ndi dolutegravir, ndipo wodwala akamamwanso rifampicin wa TB muyenera kumuwonjezera dolutegravir wina wa 50 mg pakatha maola 12, apo ayi mankhwalawo amachepa m'magazi ndipo kachilombo kamapeza mpata. Pa cryptococcal meningitis (matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi fangasi), mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza liposomal amphotericin kamodzi kokha, 10 mg pa kilogalamu, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Werengani malangizo a dziko lanu onse musanalowe muwodi.

Palinso luso limene limazilala kunja. Kumene CT scan (kujambula m'kati mwa thupi) imapezeka usiku uliwonse, manja amaiwala kuyeza mimba ndipo maso amaiwala kuona kuchepa kwa magazi pachikhatho. Kunja munali katswiri wa chinthu chimodzi. Kwanu usiku umodzi ukhoza kukubweretserani mayi wotaya magazi, mwana wokomoka ndi munthu wa ngozi ya pamsewu. Pemphani milungu ingapo yoyenda pambuyo pa amene anatsala, anamwino ndi ma clinical officer omwe. Iwo amadziwa mankhwala amene alipodi mufamase sabata imeneyo, ndipo mawu akuti "kumene ndinali timachita chonchi" amatseka pakamwa pawo msanga.

Za makina obwera nawo: musanyamule chimene zida zake zosinthira ndi ma reagent ake (mankhwala oyezera) sizipezeka kumene mukupita. Makina ena a ku America amayendera magetsi a 120V okha, ndipo mukawalumikiza pa 230V popanda thiransifoma amapsa tsiku loyamba. Pulse oximeter (kachipangizo koyezera mpweya m'magazi) yabwino, makina ang'ono oyezera shuga okhala ndi timapepala take tokwanira, ndi nyali yapamutu zimagwira ntchito zaka.

Thupi lanunso lasintha. Chitetezo chimene munali nacho ku malungo chimachepa mukakhala zaka kumalo opanda malungo, ndipo ana obadwira kunja alibiretu. Gonani muneti kuyambira usiku woyamba, ndipo aliyense m'banjamo akatentha thupi, ayezedwe magazi tsiku lomwelo.