Zimene dzanja la Leon Fleisher limaphunzitsa wophunzira piyano

Mwa oimba piyano onse amene timaphunzira mbiri yawo, Leon Fleisher ndi amene ndikuona kuti aliyense woyeserera maola ambiri patsiku ayenera kumudziwa bwino. Anabadwira ku San Francisco mu 1928, ndipo ali ndi zaka 9 anayamba kuphunzira kwa katswiri wa piyano Artur Schnabel. Ali ndi zaka 16 anali ataimba kale ndi gulu la New York Philharmonic motsogozedwa ndi Pierre Monteux. Mu 1952 anapambana mpikisano wa Queen Elisabeth ku Brussels, woyamba mwa Aamerika kutero, kenako anajambula makoncheto (nyimbo za piyano yoperekezedwa ndi gulu lalikulu la oimba) a Beethoven ndi a Brahms pamodzi ndi gulu la Cleveland Orchestra motsogozedwa ndi George Szell.

Vuto linayamba mu 1964. Chala cha mphete ndi kachala kakumapeto ka dzanja lamanja zinayamba kupindikira m'chikhatho zokha, mwini wake osafuna. Iye anaganiza kuti zalazo zafooka, ndiye anawonjezera kuyeserera, zinthu n'kuipiraipira. Patapita zaka zambiri m'pamene madokotala anazindikira kuti ndi matenda otchedwa focal dystonia.

Matendawa sali m'zala, ali muubongo. Chala chilichonse chili ndi kachigawo kake muubongo kamene kamachilamulira. Munthu akabwereza kayendedwe kamodzimodzi kambirimbiri, mothamanga komanso atalimbitsa minofu, malire a tizigawoti amatha kusokonekera, moti ubongo ukalamula chala chimodzi, chinzake chimatsatira. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri sipapweteka. Kutupa kwa minyewa kumachenjeza ndi ululu, munthu n'kupuma, koma dystonia imayamba ngati kakulephera kakang'ono: chala chimachedwa kudzuka pa mzere umene kale unkatuluka bwinobwino. Woimba wakhama akaona zimenezi amabwereza mzerewo kawirikawiri, ndipo m'pamene amalikulitsa vutolo.

Kamangidwe ka piyano kamatiuza pamene mphamvu imatayikira pachabe. Kiyi imatsika pafupifupi mamilimita 10, ndipo kulemera kwa magalamu 50 okha kumaitsitsa. Kiyi isanafike pansi penipeni, kanyundo ka m'kati mwa piyano kamakhala katamasuka kale kupita kukagunda nsambo. Kukanikiza kiyi imene yafika kale pansi sikuwonjezera mawu ngakhale pang'ono, kumangolimbitsa mkono. Kukula kwa mawu kumadalira liwiro limene kiyi yatsikira, osati mphamvu yoipanikizira pambuyo pake. N'chifukwa chake mphunzitsi wabwino amakugwira pamkono uku ukuimba kuti amve ngati walekerera ukangogunda noti.

Pampando, chigongono chikhale pafupifupi mulingo umodzi ndi makiyi, ndipo dzanja lisapindikire m'mbali pofikira noti yakutali. Mkono wonse ndi umene uzisuntha. Mzere wovuta uyambidwe pang'onopang'ono ndi metronome (kachipangizo kogunda kosonyeza liwiro la nyimbo), dzanja lililonse palokha, liwiro n'kumakwera pang'ono pokhapokha mapewa ndi nsagwada zikakhala zomasuka. Pakatha mphindi 30 kapena 45, ndi bwino kuchoka pa piyano. Ntchito ina, monga kuloweza ndi kusanthula kamangidwe ka nyimbo, imatheka ndi pepala lokha patebulo. Chala chikayamba kupindika kapena kutukuka chokha, wofunika ndi dokotala wa ubongo ndi mitsempha, osati maola owonjezera.

Fleisher sanasiye nyimbo. Anapitiriza kuphunzitsa ku Peabody Institute ku Baltimore, kumene anayamba mu 1959, anayamba kutsogolera magulu a oimba, ndipo anatembenukira ku nyimbo za dzanja lamanzere lokha. Zambiri mwa izo zinalembedwera Paul Wittgenstein, amene anaduka mkono wamanja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse: koncheto ya Ravel, koncheto yachinayi ya Prokofiev, ndi Diversions ya Britten. Ya Hindemith, yolembedwa mu 1923, inakhala yosaimbidwa mpaka Fleisher ataiimba koyamba ku Berlin mu 2004.

Nyimbozi n'zofunika kuziphunzira ngakhale kwa amene manja ake onse ali bwino. Pa dzanja lamanzere chala chachikulu chimakhala kumbali ya manoti okwera, ndiye chimanyamula nyimbo yeniyeniyo mwamphamvu, zala zinazo n'kumaperekeza. Besi (noti yotsika) imagundidwa, pedulo (chopondera chimene chimachititsa mawu kupitiriza kulira) n'kuigwira, dzanja n'kudumphira kumtunda. Pedulo ikachedwa kugwira, besi imatayika. Ikachedwa kumasula, mawu amasakanikirana. Womvera Ravel ataphimba maso sangakhulupirire kuti ndi zala zisanu zokha.

Mu 1982 Fleisher anayesa kubwerera ndi manja awiri ku Baltimore atachitidwa opaleshoni, koma sizinakhalitse. Chimene chinathandiza m'zaka za m'ma 1990 ndi kutikita minofu kwa mtundu wa Rolfing pamodzi ndi jakisoni wa Botox. Jakisoniyu sachiritsa: amafooketsa minofu imene ikukoka mopitirira muyezo kwa miyezi pafupifupi itatu, kenako amabwerezedwa, ndipo mlingo ukachuluka chala chimalephera ngakhale kutsitsa kiyi. Mu 1995 anaimba koncheto ya Mozart ndi Cleveland Orchestra, ndipo mu 2004 anatulutsa chimbale cha Two Hands, patatha zaka 40 chiyambireni vutolo. Ankasankha mosamala nyimbo zimene dzanjalo likanatha, ndipo anapitiriza kuphunzitsa ndi kuimba mpaka chakumapeto kwa moyo wake. Anamwalira ku Baltimore mu 2020.