Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kutsidya kwa mlatho

Ndinalekezera pomwe ndinalandira lamba wobiriwira. Masiku amenewo tinkaphunzira karate madzulo m'kalasi ina ku Mpondasi, ku Mangochi, titakankhira madesiki kukhoma. Sensei athu, kutanthauza aphunzitsi, anali a mtundu wa karate wotchedwa Shotokan, ndipo pa kumite, pomwe awiri amalimbana, lamulo lawo linali limodzi: chibakera chiime chisanalowe m'thupi la mnzako. Ukamugunda, unkagwada pakona mpaka ena onse amalize. "Mwanawe, kumenya ngakhale chidakwa chimatha," ankatero. "Ntchito ili poimitsa dzanja."

Ine zinkandiwawa. Ndine wamfupi, ndiye anzanga ataliatali ankangondiloza ndi phazi n'kutenga mapointi ndisanawayandikire n'komwe.

Tsiku lina mnzanga wa kabaza anandiwolotsa pa mlatho wa Bakili Muluzi, kupita kwa anyamata ena otsata karate ya Kyokushin, ija anayambitsa Masutatsu Oyama ku Japan. Kumeneko amamenyana zenizeni, opanda magolovesi, choletsedwa chachikulu ndi chibakera cha kumaso. Munali mu Okutobala, mchenga ukuwotcha kumapazi. Ndisanatuluke thukuta, bondo linandipeza m'nthiti. Ndinagwa chafufumimba, mchenga m'kamwa, mpweya osalowa. Masabata atatu ndinkagona chagada, kutsokomola kukuwawa, nkhafi ya bambo pa Shire ndikulephera kuinyamula. Kunyumba ndinanama kuti ndagwa panjinga.

Koma ndinabwererako, kangapo konse. Ndi kumeneko komwe ndinadziwa kuti mapewa omwe ndinakula nawo pokoka khoka ndi chuma changa. Ndikalowa pafupi, chifuwa ndi chifuwa, miyendo ya wamtali imasowa ntchito. Kamenyedwe kameneka sindinakaone kwa munthu ayi, thupi langa linakapeza lokha litatopa kupwetekedwa. Chodabwitsa n'chakuti chomwe chinkanditeteza polowa pafupipo ndi diso loyeza mtunda lomwe Sensei anandipatsa ndi lamulo lawo lija.

Mu Ogasiti 2021 tinaunjikana pa foni ya Sensei kuonera mpikisano wa Olympics ku Tokyo. Tareg Hamedi wa ku Saudi Arabia anakomola Sajad Ganjzadeh wa ku Iran ndi theche limodzi, oweruza n'kumuchotsa chifukwa chomenya mopyola muyeso. Golide anapita kwa wokomokayo.

Sensei anatembenuka n'kundiyang'ana ine ndekha. "Waona, mwanawe? Tsopano tandiuza, nthiti ija inapola?"

Ndinauma pakamwa. Za kutsidya kuja sindinawauzepo ndi tsiku limodzi lomwe.