Sabata imene ndinaphunzitsa za chikhungwa cha bakiteriya

Lolemba m'mawa, mu labotale yathu kuno ku Kasungu, anandibweretsera madzi a mumsana a mwana wa zaka zitatu wa cha ku Santhe, amene anali atatentha thupi masiku awiri, khosi litauma, koma malungo sanapezeke. Madziwo anali a mbuu ngati otsukira mpunga. Nditawapaka pagalasi n'kuthira utoto wa Gram, womwe timasiyanitsira mitundu ya mabakiteriya, ndinaona pa maikulosikopu mabakiteriya a mtundu wa pepo atagwirana awiriawiri, ndipo ndinakauza adokotala msanga kuti akuoneka ngati Streptococcus pneumoniae, bakiteriya amene amatha kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Mwanayo anali atayamba kale kulandira ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya.

Lachitatu wophunzira amene ali nafe anasiya galasi nthawi yaitali m'mankhwala ochotsera utoto, moti zonse zinasanduka pinki. Anati, "Bwana, kodi mtundu chabe ungasinthe chiyani?" Sindinamukalipire, chifukwa funsolo ndi limene ndimafuna. Njira yothira utotoyi, yomwe wasayansi Hans Christian Gram anaifalitsa mu 1884, imationetsa chikhungwa cha bakiteriya: a pepo ali ndi peptidoglycan (chinthu chimene chimalimbitsa chikhungwacho) yochindikala imene imagwira utoto, pamene a pinki ali nayo yopyapyala, yokutidwa ndi nembanemba ina yokhala ndi LPS (mafuta ogwirizana ndi shuga).

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti thupi la mwana uja linali litachizindikira chikhungwacho ife tisanatsegule n'komwe botolo la utoto. Munthu amabadwa ndi mapuloteni amene safuna kuphunzitsidwa kuzindikira mabakiteriya, monga TLR2 ndi TLR4. TLR2, pamwamba pa maselo oyera a magazi, imagwira ma lipoprotein (mapuloteni okhala ndi mafuta) a bakiteriya, ndipo TLR4, mothandizana ndi mapuloteni ena otchedwa MD-2 ndi CD14, imagwira LPS ya mabakiteriya onga Salmonella, amene amalowa kawirikawiri m'magazi a ana kuno kwathu. Zidutswa za peptidoglycan zikafika m'kati mwa selo, zimapezana ndi mapuloteni ena ozizindikira, otchedwa NOD1 ndi NOD2. Pamenepo maselo amatulutsa mapuloteni ochenjeza thupi otchedwa TNF, IL-1 ndi IL-6, thupi n'kutentha, ndipo chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa CRP, imene imamatirira pa chikhungwa cha bakiteriya yemwe uja tinamuona Lolemba. Ndinamuuzanso wophunzira uja kuti wasayansi Bruce Beutler ndiye anasonyeza mu 1998 kuti TLR4 ndi imene imamva LPS, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2011.

Ndinamuchenjeza kuti chitetezo chimenechi chikapyola muyeso, mitsempha imalekerera madzi, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo mwana amatha kutisiya ngakhale mankhwala akupha tizilomboto. N'chifukwa chake galasi lolakwika limandisowetsa tulo. Lachinayi wophunzirayo anabwereza kuthira utoto kasanu mpaka dzanja linazolowera.

Lachisanu ndinadutsa ku wodi ya ana. Mayi a mwanayo anandifunsa kuti, "Adokotala, ngati si malungo, nanga chinamutenthetsa n'chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, thupi lake lomwe ndilo linazindikira kachilomboko n'kuyamba kulimbana nako." Mwanayo anali atakhala tsonga, akumwa phala, ngakhale anamwino anati ayenera kudzayezedwa makutu asanatuluke, popeza matenda oumitsa khosi nthawi zina amasiya ugonthi.