Zikomo, ndalama za malemu zafika

Dzulo ndalama za penshoni ndi inshuwalansi za malemu zalowa mu akaunti ya mayi wamasiye. Amene munali nafe pa maliro a mnzathu wa pa galaja mukudziwa kale mmene zinalili, sitibwerezanso. Ambuye alemekezeke.

Amayi athu a ku ofesi ya malipiro, zikomo. Lamulo la penshoni, kuyambira lija la 2011 mpaka latsopano la 2023, limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5, ndipo zitumizidwe pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Pamwamba pake pamafunika inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chathunthu. Wolandira K200,000 ndiye kuti K30,000 ikulowa ku penshoni mwezi uliwonse, ndipo akatisiya banja lilandira K2,400,000, kuwonjezera pa zomwe zinasungidwa kale. Bizinesi ikauma, kakampani ngati kathu kamafuna kudumphako mwezi umodzi kapena iwiri. Inu munkakana, ngakhale tinkakuonerani m'kona. Inshuwalansi ikakhala ndi ngongole, kampani yake imatha kukana kulipira. Mukanalola, bwenzi lero tikunena zina.

Ndi inu nomwe munkazungulira m'galajamo ndi mafomu osankha olandira ndalama wantchito akamwalira, anyamata manja ali mafuta okhaokha, n'kumati lembani dzina monga lilili pa chiphaso cha unzika, magawo a olandira akwane 100 peresenti, ndipo mwana akabadwa mubwere tisinthe. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pa malipiro pali dzina lina, pa chiphaso lina, fayilo n'kungokhala pa desiki miyezi. Wantchito watsopano ngati sanalembedwe pa ndandanda wa inshuwalansi, ndiye kuti inshuwalansiyo simuteteza.

Chiphaso cha imfa cha ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera, munachilondola nokha, maulendo osawerengeka, pa minibasi, dzuwa likuswa mtengo. Akaunti ya mayi wamasiye inali itagona, munapita nawo ku banki kukaidzutsa. Mulungu akuwonjezereni masiku, amayi.

Anyamata a pa galaja amene munasonkha ufa ndi nkhuni, a mpingo amene munagona pa siwa, zikomo nonse.

Achibale ena amene pa maliro simunaoneke koma mwayamba kuimba foni sabata ino, pepani, fomu inalembedwa kalekale malemu ali moyo. Pali mayi ndi ana basi.

Lolemba m'mawa amayi a ku ofesi ya malipiro akubweranso ndi mafomu. Aliyense abwere ndi chiphaso chake.