Nsomba nazo zili ndi asilikali m'thupi

Ndangotuluka m'kalasi ya matenda a nsomba koma mutu sukukhazikika abale. Alekichala amatifotokozera za ma cell otchedwa macrophage a nsomba ya carp, omwe ndi asilikali oteteza thupi ku matenda: ukawathira LPS, tizidutswa ta khungu la bakiteriya, amalusa n'kuyamba kutulutsa nitric oxide wopha tizilombo, koma omwewonso ukawapatsa cAMP, kemikolo yonyamula uthenga mkati mwa cell, amafatsa n'kumapanga kemikolo ina yotchedwa arginase, ntchito yawo kumangokhala yopoletsa mabala basi. Cell yake yomweyo, changosiyana ndi uthenga umene yalandira.

Ine chandikhudza kwambiri ndi homoni yotchedwa cortisol. Nsomba zikapanikizika, kaya mwaziunjika m'damu laling'ono, kaya mpweya wachepa m'madzi mpaka m'mamawa zikumayasama kukamwa pamwamba paja, kaya mwazigwiragwira kwambiri posamutsa, thupi limatulutsa cortisol ndiye asilikali aja amafooka. Kuzizira nakonso kumawabwezera m'mbuyo, paja matenda a zilonda pakhungu la nsomba otchedwa EUS aja anabuka ku Mchinji mu 2020 nyengo yozizira. Alimi athu timangowalalikira za chakudya ndi mbewu ya chambo, za kupanikiza nsombazi timazitchula mwa apo ndi apo, ndipo zikundiwawa heavy chifukwa damu likaphedwa ndi matenda amalira ndi iwowo.